Msomali wa M'shedi ya Bambo

9 Febuluwale

Wokondedwa mlongo wanga Chete,

Ndikhulupirira muli bwino nonse, iwe, bambo, ndi azakhali kuseri kwa mpandako. Ine kuno kuyunivesite ndili bwino, kungoti thalauzi yayamba kukula yokha.

Ndikudziwa kuti kalatayi uwawerengera bambo. Makutu awo aja makina ochekera matabwa anawadya kale, ndipo foni amati imalira ngati udzudzu. Ndiye kweza mawu, usamanong'one ngati ukuopa kudzutsa khanda.

Bambo, mumandifunsa kuti sukulu yangayi ndi ya chiyani, poti si udokotala, si uloya. Nali yankho. Munthu akabwera kwa inu kudzafuna kabati, mumayamba mwayeza chipinda, kenako mumajambula, kenako mumadula. Ifenso timatero, koma timayeza moyo wa munthu: zimene amapeza, zimene amawononga, ana amene akulera, matenda, ukalamba. Tikatero timamujambulira pulani yoti ndalama zake zimufikitse kumapeto osapemphetsa.

Chaka chino poti ndi chomaliza, aliyense wauzidwa kusankha banja lenileni n'kulilembera pulani. Anzanga asankha amalume awo a mimba ndi magalimoto. Ine ndasankha ife. Chete, undiyankhe mafunso ali papepala linalo. Usabise kanthu, usawonjezerenso kanthu. Ndasankha iwe chifukwa sindikudziwa munthu wina amene amafufuta chilembo chimodzi mpaka pepala kubooka.

Mundithandizenso kangachepe kosindikizira mapepala. Mupatsire a dalaivala a lole aja akamabwera kuno.

Ine mchimwene wako,
Wa Mapulani (monga amanditchulira bambo)


24 Febuluwale

Okondedwa achimwene,

Ndayamba ndi moni. Ife kuno tili bwino, kaya inu kumeneko. Kalata yanu ndinawerenga mokweza monga munanenera, mpaka azakhali anayankha moni ali kwawo.

Bambo anakondwa kwambiri. Pamene munati mumayeza moyo anandiuza kuti ndibwereze. Kenako anauza munthu amene anabwera kudzatenga mpando kuti, “Mwana wanga ndi kalipentala ngati ine, kungoti matabwa ake ndi anthu.”

Mayankho ndalemba ndi pensulo kuti ngati ndalakwitsa mufufute. Pepani zilembo, mukudziwa kuti sukulu yanga inathera kupulayimale. Zaka za bambo ndi 62, ndaona pachiphaso. Pa matenda anandiuza kuti ndilembe kuti palibe, ndipo ndalemba choncho. Koma poti munati ndisabise kanthu, pansi pake ndalemba ndi tizilembo ting'onoting'ono kuti m'mawa amatsokomola, ndipo akanyamula thabwa lalikulu amayamba apuma atatsamira benchi. Iwo amati ndi utuchi chabe.

Mwafunsa ngati pali ntchito ina imene ingabweretse zambiri kuposa mabedi ndi zitseko. Azakhali anati mabokosi a maliro, poti amenewo sasowa ogula. Bambo anakwiya. Anati chiyambireni sanakhomepo bokosi, ngakhale la amayi anachita kugula kwa ena, ndipo sadzadya za misozi ya anthu.

Mwafunsanso za buku lolembamo ntchito. Kodi mwaiwala? Buku la bambo ndi msomali wautali uja wa pakhoma, pamwamba pa benchi. Malamulo ake sanasinthe. Chojambula chikalowa pamsomali sichichoka mpaka chinthucho chitatha. Za makasitomala zimayamba, za mwini shedi zimadikira. N'chifukwa chake khitchini yathu tikutsekabe ndi lata ndi mwala. Pepala la chitseko chake lili kumbuyo kwa anzake kuyambira muli kusekondale, lachita kufiira.

Ndalama ndapereka kwa a dalaivala mu envelopu yosoka ndi ulusi. Muone ngati ulusiwo uli wosaduka.

Ndine mlongo wanu,
Chete


20 Epulo

Chete wanga,

Moni kwa nonse. Uwauze bambo akhale pansi kaye. Pulani yanga yapambana kalasi yonse! Mphunzitsi wathu anaikweza m'mwamba pamaso pa anthu, nati iyi ndiye ntchito ya munthu amene wayeza banja lenileni. Anzanga a amalume a magalimoto aja anangoti kukamwa yasa.

Ndatumiza kope lanu. Masamba a Chingerezi musavutike nawo, mfundo zikuluzikulu ndamasulira kumapeto. Pakati pali chojambula chosonyeza zonse chaka ndi chaka. Bambo zojambula amawerenga kuposa mphunzitsi wathuyo, ndiye aona okha.

Chachikulu n'chakuti pulani si yokongoletsera khoma. Munthu amaitsata ndime ndi ndime, osadumpha. Mabanja ambiri amagwa chifukwa chosakonzekera zinthu zodziwikiratu.

Mayeso ayandikira, tikuchita kugona pamabuku. Ndikachedwa kuyankha musadandaule. Ulusi unafika wosaduka, koma iwenso, unasoka ngati ukusoka bala la munthu. Ndinachita kubwereka lumo.

Wa Mapulani


6 Meyi

Okondedwa achimwene,

Ndayamba ndi moni. Ife tilipo. Tikukuyamikirani chifukwa chopambana.

Ndikuuzani monga zinachitikira, osadumpha. Bambo anasamba m'manja asanagwire pulani yanu. Anasesa utuchi pabenchi, anavala magalasi, anatsegula pa chojambula n'kupsinja makona ake ndi hamala ndi kachitini ka guluu. Anayamba kulondola mzere wanu ndi chala chachifupi chija chinadulidwa ndi makina.

Anati, “Manambala a pansiwa ndi tepi. Izi ndi zaka.” Ndinati eya. Chala chinayenda, chinayenda, chinaima. Anati, “Apa thabwa latha. Werenga zimene walemba za pamenepa.”

Ndinatsegula kumapeto kumene munamasulira. Ndinawerenga kuti, “Pulaniyi ikuthera pa zaka 63, malinga ndi kafukufuku wa zaka zimene amuna ngati amenewa amakhala ndi moyo.” Ndinaima. Anati pitiriza. Ndinawerenga kuti, “Chofunika kukonzekera ndi maliro. Chodula kwambiri pamaliro ndi bokosi. Banjali likapanda kukonzekera lidzagulitsa makina, ndipo mwana wamkazi adzasowa pogwira.”

Achimwene, ndinafuna kudumpha, koma kudumpha sindidziwa. Ndimawerenga ndi chala, ndipo iwo amayang'ana chalacho.

Kenako anandifunsa kuti zaka zimenezo akwanitsa mwezi wanji. Ndinati Seputembala. Anagwedeza mutu nati, “Wayeza bwino mnyamata.” Sanakwiye. Ndikanakonda akanakwiya.

Atatero anang'amba tsamba la chojambulalo mosamala, potsata rula, n'kulibaya pamsomali, kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa pepala la chitseko.

Ndili ndi funso, mwina ndi lopusa. Nambala imeneyi munaitenga kuti? Kodi tizilembo tija ndinalemba za chifuwa ndi timene tinakuuzani? Ngati ndi choncho mundiuze, ndidziwe kuti ndine.

Ndine mlongo wanu,
Chete


28 Meyi

Okondedwa achimwene,

Ndayamba ndi moni. Yankho lanu sindinalandire. Ndikudziwa ndi mayeso, sindikukudzudzulani. A dalaivala akuti kalata ija anaisiya pageti la sukulu yanu, ndipo ndikawafunsa kawiri amati, “Kodi iwe umadziwa kulankhula?” Ndiye ndinasiya.

Kuno zinthu zasintha pang'ono. Bambo sakulandiranso ntchito. Kunabwera mayi wina kudzafuna bedi la mwana wake amene akukwatiwa, anamutumiza kwa kalipentala wa kumsika, yemwe uja amamunena kuti amakhoma misomali ngati akupha njoka. A hedimasitala anabwera ndi pepala la madesiki, sanalole n'komwe kuti alifunyulule. Mapepala amene anali pamsomali akuwamaliza limodzi limodzi.

Lolemba anapanga chitseko cha kukhitchini. N'chokongola, sichilira. Azakhali atachiona anaika manja kumutu nati, “Achimwene, mwatani? Zaka zonsezi lata, lero chitseko? Mukufuna kusamuka kapena kukwatira?” Bambo anaseka nati akungotsata pulani. Azakhali anasekanso, koma atatuluka ndinawaona ataima kuseri kwa mpanda, akupukuta m'maso.

Agula matabwa olimba, opanda mfundo, amtundu umene sagulira ngakhale mabwana. Awalowetsa m'kachipinda kosungiramo vanishi, ndipo akamagwira ntchito m'menemo amatseka. Ine ndimangomva kupala.

Dzulo anandiitana. Anavula nsapato, anaima chotsamira khoma, nandiuza kuti ndigwire tepi kuyambira pansi mpaka pamutu pawo. Kenako m'mapewa. Ndinagwira, poti anandiuza. Anati ndiwerenge bwino, ndisabe ngakhale pang'ono. Ndinawerenga bwino.

Akupanga chinthu chachitali. Dzina lake sindikufuna kulilemba. Chonde yankhani.

Ndine mlongo wanu,
Chete


2 Juni

Chete,

Moni nonse. Kalata yako ya pa 6 Meyi ndaipeza dzulo kwa alonda, inali pansi pa kapu yawo ya tiyi. Ndikulemba mothamanga.

Iwe ndi mantha ako! Nambala ija si ya tizilembo tako. Ili m'buku lathu, aliyense m'kalasi anagwiritsa ntchito yomweyo. Mzere umayenera kuthera penapake, apo ayi masamu satuluka. Usadandaule.

Zoti bambo aika pulani pamsomali zandisangalatsa kwabasi. Ndinauza anzanga, onse anati makasitomala otere ndi osowa. Ambiri timawalembera, amayamika, kenako amakulungira mapepalawo tomato. Uwauze kuti ndanyadira, ndipo ayambe msanga. Kukonzekera sikudikira mawa.

Nkhani ina yabwino: ofesi ina ya inshulansi yanditenga kuti ndikaphunzire ntchito ndikamaliza mayeso. Koma kumeneko salowa ndi juzi yobooka pachigongono. Pakufunika jekete. Ngati bambo angakwanitse kangachepe, ndidzabweza ndi malipiro oyamba, ndi chiwongoladzanja chomwe, poti ndaphunzira kuwerengera kwake.

Wa Mapulani


19 Juni

Mwana wanga Wa Mapulani,

Ndine bambo ako, dzanja ndi la mlongo wako. Ndamuuza alembe monga ndikunenera, asakongoletse.

Kalata yako Chete wandiwerengera yonse. Wati ndiyambe msanga. Ndinayamba kale, ine si munthu wochita kukankhidwa.

Jekete usagule. Ndakutumizira yanga yakuda, imene ndinakwatira nayo amayi ako. Manja ake ndi aatali, ukapinditse. Ine ndidzavala ya khaki, kumene ndikupitako kulibe ofesi.

Pa pulani yako pali chinthu chimodzi chimene ukuyenera kukonza. Unalemba kuti bokosi lidzadya makina. Lichotse pamasamu ako, ndapanga ndekha. Ndinalumbira kuti sindidzadya za misozi ya anthu, koma ili si logulitsa, ndiye lumbiro silinathyoke. Makina atsala a mlongo wako, aziwabwereketsa kwa amisiri, asasowe pogwira. Umuphunzitse kuwerengera, ndi kukana anthu.

Chifuwachi ndakhala ndikuchimva kalekale. Azakhali ako amati ndi utuchi, inenso ndimati ndi utuchi. Tonse timanamizana mwachikondi. Iwe wekha unatenga tepi n'kuyeza. Sukulu sinapite pachabe. Kuchipatala akundikakamiza, koma sindikataya kumeneko zimene pulani yasunga.

Lemba mayeso ako bwino, usabwere asanathe. Ntchito yosiyira panjira ndimadana nayo. Kuno kwatsala chivundikiro chokha.

Bambo ako

Achimwene, apa ndine Chete, iwo sakudziwa kuti ndawonjezera. Ndi bokosi la maliro. Ndalemba tsopano. Ndinalakwa kuzungulira m'kalata ija.

Kalata yanu inafika ali pomwepo, anandipatsira okha kuti ndiwerenge. Mawu oti ayambe msanga ndinawawerenga motsitsa, anati bwereza mokweza.

Chakudya akudya theka, akuti munthu wosagwira ntchito asamadye ngati wogwira. Lamulungu ndinapita kukawaitana, ndinapeza kachipinda kotsegula. Anali atagonamo, manja pachifuwa, maso ali kudenga. Ndinakuwa. Anadzuka nati, “Phokoso lanji? Likuthina pang'ono phewa lakumanzere.” Anatuluka n'kutenga chopalira.

Sindikudziwa chochita.


27 Juni

Mlongo wanga,

Makalata ako awiri afika tsiku limodzi. Ya mwezi watha ija a dalaivala aipeza pansi pa mpando wa lole. Jekete ili pabedi panga, ndikulephera kuiyang'ana.

Mvetsera bwino, ndipo uwawerengere bambo mokweza kuposa kale lonse.

Bambo, nambala ija si yanu. Amaipeza pophatikiza amuna onse, ndi amene anamwalira ali makanda omwe, ndi a ngozi za pamsewu, n'kugawa. Munthu amene wafika kale pa msinkhu wanu kawirikawiri amakhala ndi zaka zambiri kutsogolo. Panali nambala ina yoyenera inu, patsamba lotsatira. Sindinatembenuze tsambalo. Mphunzitsi wathunso sanaone, anakondwera ndi kukongola kwa mzere. Sindinakuyezeni, bambo. Ndinakopera m'buku, ndinaiwala kuti mzerewo ndi inu.

Ndajambula pulani yatsopano, ili m'kalatamu. Mzere wake ukufika zaka 85, ndipo chipatala chili momwemo, makina osagulitsidwa. Chifuwa chopimitsa msanga chimachizika. Ndikukupemphani.

Chete, chotsa pepala lija pamsomali, uliwotche. Mayeso omaliza ndi pa 20 Julayi, ndikangotuluka m'chipinda ndikwera basi. Ukaona kuti zikuipa, pita kwa azakhali, imba foni, usachite manyazi ndi anthu omvera. Ndisiya zonse.

Mchimwene wako


10 Julayi

Okondedwa achimwene,

Ndayamba ndi moni. Bambo alipo.

Kalata yanu ndinawerenga mokweza mpaka mawu anasasa. Anamvetsera yonse. Pulani yatsopano anaiyala pabenchi, anailondola ndi chala mpaka kumapeto. Kenako anavula magalasi nati, “Choyamba chija anajambula ndi mutu. Ichi wajambula ndi misozi. Kasitomala akasintha muyeso thabwa litadulidwa kale, thabwalo silimeranso.” Sanaiike pamsomali. Ili pansi pa chitini cha vanishi.

Munati ndiwotche pepala lija. Ndinapita, ndinaima pansi pake, ndinabwerera. Kuwotcha sikukanathandiza. Miyeso ili m'mutu mwawo, ndipo akanasiya kundikhulupirira ndikamawerenga.

Ndili chiimire pamenepo ndinaona kuti pamsomali patsala pepala lanu lokha. Matabwa a chivundikiro anali atawasankha kale, atawatsamiritsa kukhoma. Ndinakumbukira lamulo lawo, kuti za mwini shedi zimadikira.

Ndinatenga tepi, ndinayeza chipinda changa. Ndinajambula kabati ya zovala kuyambira pansi mpaka kudenga, ya zitseko zitatu, madilowa ambiri, ena aang'ono ngati a machesi, ndi maluwa osema pamwamba. Ndinafufuta kambiri kuti miyeso ikhale yoona, poti yabodza akanaizindikira. Mukudziwa kuti msomali uja palibe anaugwirapo, ngakhale amayi. M'mawa akusamba ndinakwera pampando, ndinabaya pepala langa pamwamba pa lanu.

Atalowa analiona nthawi yomweyo. Anati, “Wabaya ndani?”

Ndinati ndine.

“Ndinati sindikulandira ntchito.”

Ndinati, “Simunalandire. Lalowa kale.”

Anandiyang'ana ngati akuona mlendo. Anavala magalasi, analiwerenga lili pamsomali pomwepo. Anati, “Zovala zako zonse zimakwana m'chikwama chimodzi. Madilowa onsewa uikamo chiyani, mphepo?”



Kenako anati, “Ukufuna kundichedwetsa, mayi.”

Ndinayang'ana pansi. Ndinaganiza kuti alizula. Dzanja analikweza ndithu, linafika pamsomali, linakhala pamenepo. Kenako analitsitsa. Anati, “Bweretsa pensulo, apa sunasiye malo a mahinjesi.” Matabwa a chivundikiro aja anawalowetsa m'kachipinda, anatseka, kiyi anaika m'thumba.

Tsiku limenelo anadya chakudya chonse, akuti munthu wogwira ntchito adye.

Ndinawauza azakhali. Mawa lake anabwera ndi pepala lawo, anakwera pampando okha, anabaya. Akuti ndi benchi ya pakhonde. Bambo analiyang'ana nati, “Achemwali, iyi ndi benchi kapena mbuzi?” Azakhali anati, “Kaya ndi mbuzi, mupange, miyendo inayi ilipo.” Bambo anaseka. Aka kanali koyamba kuseka kwenikweni chifikireni pulani yanu. Koma kusekako kunasanduka chifuwa, chinawagwira nthawi yaitali atatsamira benchi. Kansalu kamene anapukutira pakamwa anakapinda msanga n'kukabisa m'thumba. Pochapa sindinakapeze.

Za kuchipatala akukanabe. Mwina inu adzakumverani mukadzabwera, poti amakhulupirira kuti mumayeza. Mudzabwere mutavala jekete ija, adzaone kuti yakukwanani.

Tsopano pempho langa ndi ili. Si ndalama. Mayi wa bedi uja ndinamufunafuna, koma anagula kale kumsika. A hedimasitala ndinawalonjera pamsewu, ndinanena zonse, mawu anatuluka, koma akuti madesiki mpaka chaka chamawa. Ndiye jambulani inu. Tebulo la kuofesi kwanu, shelefu ya mabuku, mipando, chilichonse. Funsaninso anzanu a amalume a magalimoto aja. Zikhale zovuta, za makona ambiri. Miyeso ikhale yoona, muyeze ndi tepi, musakopere m'buku. Musadikire pa 20, tumizani ndi munthu aliyense wobwera kuno, koma osati pansi pa mpando.

Chonde fulumirani. Mukudziwa kuti bambo manja awo ndi achangu, ndipo sadziwa kugwira ntchito mwaulesi ngakhale atafuna. Pamwamba pa pepala lanu pali mapepala awiri okha. Madilowa amaliza dzulo.

Ndine mlongo wanu,
Chete